A Sibale ndi Lichero la pa Kanema

A Sibale tinawaika m'manda mvula itangoyamba kumene, ndipo mlaliki wa tsikulo anawatama kuti anali munthu amene sanagwadirepo kanema moyo wawo wonse. Anthu anavomera kuti ameni. Ine ndinangozyolika, chifukwa ku Chisenga konse kuno sindikudziwa munthu wamkulu amene anaonera katuni mwachidwi kuposa mkulu ameneyu. Ana ankaonera kuti aseke, koma iwo ankaonera ngati munthu wosaka njoka imene yalowa m'nkhokwe.

Ndinabwera kuno kuchokera ku Ntcheu kudzaphunzitsa ku pulayimale, nthawi imene anthu ankakangana za matipate, ndipo nyumba imene sukulu inandipatsa inali moyang'anana ndi khomo lawo. Anali wamtali, wouma thupi, ndevu zometedwa mwa apo ndi apo. Poyamba ndinkayesa vuto ndi lumo lobuntha. Ndinadziwa pambuyo pake kuti ankameta mongopapasa, chifukwa m'nyumba mwawo simunkalowa galasi la mtundu uliwonse. Atagula njinga yatsopano, ntchito yoyamba inali kumasula kagalasi koonera kumbuyo n'kukakaponya m'chimbudzi. Nditawafunsa kuti nanga galimoto ikamabwera kumbuyo adziwa bwanji, anati Chiuta anawapatsa khosi lotembenuka.

Wailesi ndiye ankaikonda zedi. Ankati khutu lili ndi mlonda, limayamba lafunsa lisanalowetse mlendo, pamene diso ndi nyumba yopanda chitseko. Za matipate ankati ufulu ndi wabwino, koma walowa ndi katundu wambiri amene palibe anamusecha pachipata. Mpingo wa makolo awo anausiya m'zaka zomwezo, akuti unayamba kugona, n'kulowa mpingo watsopano wa kusala kudya ndi kupemphera mofuula. Kumeneko anawaika kukhala mkulu wa mpingo, ndipo zinawayenera, poti mawu anali nawo okwanira anthu awiri.

Mwini golosale wina wa ku Thyolo atakweza dishi ya kanema padenga zaka za pambuyo, a Sibale ankadutsa pamenepo chipewa atachipendeketsa kuti chitchinge diso la mbali imeneyo. Mkulu wa golosaleyo sankawasiya.

"Adada, talowani muone nkhani!"

"Yayi, nkhani ndamva kale pa wailesi. Inu mukufuna kukaona mano a wowerengayo."

Tinkaseka, nawonso nthawi zina ankamwetulira. Koma amene tinalipo kale tinkadziwa kuti chipewacho sankachipendeketsa chifukwa cha nthabwala.

Pakhomo pawo, pamene ndinkafika, panali anthu ena awiri. Wina anali Nakamba, mkamwana wawo, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo Efraimu. Anachokera kutsidya kwa mapiri a Mafinga, mbali ya ku Zambia. Efraimu ankachita geni ya nyemba ndi shuga kumalire, mpaka matenda aatali a zaka zimenezo anamutenga, n'kusiya mkaziyu ndi kamtsikana kamodzi, Tumpale, kamene ndinakaphunzitsa Sitandade 1. Akazi a a Sibale anali atamwalira kale, ana ena aakazi atakwatiwa kutali. Tumpale ndiye anali diso lawo. Ankamukweza panjinga kupita naye kuchigayo, ankamusendera nzimbe ndi mano awo okalambawo, ndipo munthu wolalikira za moto wosazima uja ndinamuonapo atagwada pafumbi akusewera naye nyumba za matope.

Chimene chinandidabwitsa ine mlendo ndi mwambo wa pakhomopo. Mkamwana sankayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, sankalankhula nawo, ngakhale dzina lawo sankalitchula. Akakumana panjira, Nakamba ankapatukira kutchire n'kugwada, nkhope ataifunditsa chitenje, mpaka iwo atadutsa. Mabanja ena anali atayamba kuufewetsa mwambowu, koma pa a Sibale unali wathunthu. Choncho mawu onse pakati pa khonde ndi khitchini ankanyamula ndi Tumpale. Kukacha unkamuona akuthamanga pakati pa amake ndi agogo akewo, amene ankawatcha asekulu: asekulu akuti madzi osamba, amayi akuti sopo watha, asekulu akuti yewo. Sikunali kudana ayi. Mkuluyu ankamutama mkamwana wakeyo kwa aliyense kuti ndi mkazi waulemu, ngakhale nkhope yake ankaidziwa mwa patalipatali.

Efraimu anasiya sikirini, deki, kajenereta ndi katoni ya matepi, zimene anagula ku Nakonde asanagone pamphasa. Nakamba anamanga chisakasa cha udzu pafupi ndi msika, nachitchinga ndi mapepala akuda apulasitiki, n'kuyamba kuonetsa kanema. Masana abambo ankaonera za ndewu. Loweruka m'mawa inali nthawi ya ana, ndipo wopanda kanthu ankalowa ndi dzira kapena chimanga chachiwisi. A Sibale sanakondwe nazo, koma anangoti mkazi wamasiye ayenera kudya, bola iwo asapondeko.

Tsiku lina m'mawa ndikutsuka m'kamwa panja, ndinaona Tumpale atakhala m'lichero pakati pa bwalo. M'tsitsi anali atazika timapesi tiwiri, wina uku wina uku. Anatsinzina n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Faifi, folo, fili, thuu, wani! Vuuu!"

A Sibale anali pakhonde akunola khasu. Anasiya. Anaimirira pang'onopang'ono, ndipo sindinaonepo nkhope ya munthu ikuchita mantha chotero kunja kuli dzuwa.

"Iwe Tumpale, ukuchita vichi?"

"Ndikuuluka, asekulu. Ndibwera kusanache."

"Wakuphunzitsa ndani kuwerenga chobwerera m'mbuyo?"

"Ana a pa kanema."

Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa amene amauluka m'lichero. Amadziwanso amene amachita zinthu chafutambuyo, amene amatenga ana makolo ali mtulo, kukawadyetsa kutali n'kuwabweza tambala asanalire. Loweruka lotsatira a Sibale anavala jekete yawo ya kutchalitchi, napita kukakhala pabenchi lakutsogolo pakati pa ana. Nanenso ndinapita, poti mphekesera inali itafika kale kusukulu. Katuniyo inali ya ana amene ankatulukira pawindo makolo atagona, n'kulowa m'chinthu chozungulira, chaphwatalala. Ankawerenga chobwerera, chinthucho n'kunyamuka. Kumene ankafika ankalandiridwa ndi tizilombo tobiriwira ta tinyanga tiwiri, kena ka diso limodzi pachipumi, ndipo tinkawapatsa chakudya. Kukamacha anali ali m'mabulangete mwawo, makolo osadziwa kanthu.

Potuluka ndinayesa kuwafotokozera kuti chimenecho ndi chombo cha mumlengalenga, kuti azungu amachijambula choncho, ndipo kuwerenga chobwerera ndi mmene amanyamutsira zombo zawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Ine ankanditcha Asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi.

"Enya, Asambizgi, ajambula ndi azungu. Nanga lichero analiona kuti? Anawauza ndani kuti mwana amayamba wadyetsedwa, ndipo amabwezedwa tambala asanalire?"

Kunena zoona mpaka lero ndilibe yankho logwira mtima. Anabwererako Loweruka lina, ndi linanso. Anailoweza katuni imeneyo kuposa ana, anadziwa mpaka batani loimitsira chithunzi. Madzulo ankasanjika manja pamutu pa Tumpale n'kupemphera mpaka mwanayo kulira. M'mawa ankamuyang'ana kumapazi ngati kuli mame. Chikondi chawo chonse chinasanduka mantha, ndipo tinkaona mwanayo akuyamba kuwazemba.

Cholinga chawo chinali tepi yokhayo, zimenezi ndinganene pamaso pa aliyense. Lamulungu lina mapemphero atatha anatenga mpingo wonse kupita nawo kuchisakasa kuti makolo adzionere okha, kenaka tepiyo itenthedwe. Anthu a mipingo ina ndi a pamsika anatsatira, mwakuti ena anang'amba mapepala a m'mbali kuti asuzumire. Nakamba analiza jenereta, nalowetsa tepi, n'kutuluka kukagwada kuseri kwa chisakasa atafunda chitenje, poti apongozi ake anali mkati.

Chombo chija chitanyamuka, a Sibale anadina batani. Amene anaonapo deki yakale akudziwa kuti chithunzi chikaimitsidwa sichikhala bata, chimanjenjemera. Mayi wina anakuwa kuti chikupuma. Iwo anayandikira n'kuika chala pagalasi. Ili ndi lichero. Izi ndi nyanga. Ili ndi diso. Paliponse pamene chalacho chinkafika, anthu ankabuula. Ndinali kumbuyo, ndipo sindinganame kuti ndinaona chombo chokha. Munthu akakulozera chinthu pakati pa gulu lochita mantha, chimaoneka ndithu.

Mayi wina anati n'chifukwa chake mwana wake amadzuka ali wotopa. Wina anati wake wayamba kukana ndiwo zamasamba. Kenaka bambo wina wa kumbuyo anafunsa kuti nanga mwini wake wa zinthuzi sankadziwa? A Sibale anaitana mdzukulu wawo.

"Tumpale, kawafunse amayi ako ngati ankadziwa zimene zili mu tepi iyi."

Kamwanako kanapanikizika pakati pa miyendo ya anthu kupita kuseri. Tinadikira, jenereta ikulira. Kanabwera kakupuma mofulumira.

"Akuti tepi imeneyi anandigulira ndi adadi. Akuti ya ine."

Ndinaona chala chija chikutsika. Koma nthawi inali itatha. Wina anati ngati ndi choncho mkaziyo atuluke adzanene yekha. Nakamba sakanatha kutuluka. Kuima pamaso pa apongozi ake n'kuwatsutsa pagulu kukanakhala kuwavula, ndipo eni mudzi onse ankadziwa zimenezo. Koma tsiku limenelo anasankha kuiwala. Ankangoona mkazi wobwera, wobisa nkhope, wosayankha. Mawu anatuluka kuti nanga Efraimu anafa bwanji, mnyamata wamphamvu uja? Achinyamata a mumpingo anatulutsa sikirini n'kuiphwanya ndi mwala, matepi anawaunjika n'kuthira petulo wa m'jenereta momwemo, moto unagwira udzu wa chisakasa. A Sibale anakweza manja kuti anthu akhale chete, mawu awo aakulu aja anafuula ndithu, koma panalibe wowayang'ana. Nakamba anamukoka ndi amayi anzake awiri moto utayandikira, iye ali chigwadire.

Sabata isanathe anali atapita. Ananyamuka m'mamawa ndi mwana wake, kudzera njira ya m'mapiri.

Abale a Efraimu anabwera mwaukali. Kuno ana ndi a kuchimuna, ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye mkazi sangangonyamula mwana ngati mphika wake. Anauza a Sibale kuti atsogolere anthu kukamutenga Tumpale, ndipo kwawo kwa Nakamba sakanakana. Iwo anangoti sapita. Mphwawo anawatukwana kuti ndi nkhalamba yopusa, yotaya magazi a mwana wake, ndipo awiriwo sanadyerenso limodzi. Anthu ambiri anaganiza kuti akuopa kuti mwanayo anaphunzitsidwa kale ufiti. Nanenso kwa zaka ndinkaganiza choncho.

Sanasinthe ulaliki wawo. Makanema atachuluka, kenaka mafoni, ankachenjezabe makolo za nyenyezi, nyanga ndi maso a m'makatuni, ndipo mpaka imfa yawo ankanenetsa kuti lichero lija linali lichero. Chimodzi chokha chinasintha. Mlandu wa ufiti ukabwera kumpingo, mwana akatchula azakhali ake kapena agogo ake kuti amamutenga usiku, a Sibale ankatola chipewa n'kutuluka. Abusa anawadzudzula kuti afooka m'chikhulupiriro. Iwo anati satana amudzudzula mpaka mawa, koma dzina la munthu sadzalitchulanso.

Chifukwa chenicheni anandiuza atakalamba kwambiri. Maso awo anachita ng'ala, ndipo ndinawaperekeza kuchipatala kuboma, kumene anatiuza kuti tachedwa, mkati mwa maso munali mutaonongeka kale. Pobwerera lole inafa panjira, tonse tinatsika kukakhala pamthunzi. Ali chiyang'anire kumene sankaona, anayamba kusimba za ubwana wawo. M'mudzi mwawo munabwera nchimi, sing'anga wosaka afiti. Anthu onse anawandandalika pamzere, iye atawafulatira, galasi lili m'manja, akuwaonera m'menemo pamene ankadutsa kumbuyo kwake. Amayi awo atafika, nchimiyo anati imani. Anaitana anthu kuti abwere adzaone okha nyanga imene inali pamutu pa mayiyo, nawalozera ndi chala.

"Onse anaona. Nanenso ndinaona, Asambizgi. Mwana wa m'mimba mwawo, ndinaona nyanga pa amama."

Mayiwo anawabweza kwawo ku Nthalire. Ana anatsala kwa abambo awo monga mwa mwambo, ndipo sanawaonenso mpaka anamva za maliro.

"Munthu uja anali ndi chala chachitali," anatero. "Tsiku lija kuchisakasa ndinachionanso chala chomwecho, chili padzanja langa. Ndiye mumati ndipite ndikalandenso mwana kwa amake?"

Zinandimvetsa chisoni kwambiri. Lole itadzuka ndinawagwira dzanja n'kuwakweza.

Chaka chathachi mzimayi wina wogulitsa nyemba ku Nakonde anabwera ndi nambala ya foni, akuti wamupatsa ndi mayi wa m'shopu ina amene amafunsa ngati mphunzitsi wa ku Ntcheu uja akadalipo. Anali Tumpale. Tinalankhulana kangapo ndisanalimbe mtima kumuuza kuti agogo ake ali moyo ndipo saona. Anati kubwera sangathe, amayi ake sakufuna kumva za Chisenga, koma angathe kuimba foni ya vidiyo kuti awaone.

Ndinapita kukawauza ndili ndi nkhawa, poti munthu woponya galasi la njinga m'chimbudzi ndinkamupempha kuti alankhule ndi galasi. Koma iwo anapempha madzi osamba ndi jekete yawo. Anameta, nadzicheka pachibwano. Tinakhala pakhonde pawo, poti nyumbayo ili pamtunda ndipo netiweki imagwira bwino. Foni italira ndinaigwira patsogolo pawo.

"Asekulu!"

A Sibale anadzutsa mutu. Anatembenukira kwa ine.

"Asambizgi, mundiuze zimene mukuona. Musawonjezepo kanthu."

Ndinati ndikuona mayi wamkulu, wavala duku lofiira, ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, kumbuyo wabereka khanda. Ndinati chipumi chake ndi cha Efraimu.

"Zimenezo mwaganiza ndinu. Nenani zimene zilipo."

Ndinati akulira. Apo anatambasula dzanja, nandilanda foniyo, n'kuikanikiza kukhutu ndi manja onse awiri, monga ankachitira ndi wailesi batire ikamatha. Ndinamva Tumpale akuti, "Asekulu, sindikukuonani, kwada. Chotsani kukhutu." Iwo sanamve kapena sanafune. Anafunsa dzina la khandalo, anafunsa ngati akupemphera, anafunsa ngati mvula ikugwa kumeneko. Kenaka mawu awo anasintha.

"Amayi ako ali pafupi?"

"Ali kukhitchini."

"Kawauze kuti m'galasi muja ndinaonamo lichero, ndinaonamo nyanga. Iwo sindinawaonemo. Ndinayenera kunena tsiku lomwelo anthu onse akumva. Pita ukawauze."

Tinamva foni ikuikidwa pansi, mapazi akupita, chitseko. Kunali phokoso la njinga zamoto za m'tauni. Mkuluyu anakhala chowongoka. Patapita nthawi mapazi aja anabwerera.

"Akuti amva."

"Basi?"

"Basi, asekulu."

Anagwedeza mutu n'kuti yewo. Kuyambira tsiku limenelo, ndikangofika pakhomo pawo, moni usanathe ankandifunsa ngati foni yanga ili ndi moto. Tumpale anaimbanso maulendo angapo, koma uthenga wina wochokera kukhitchini sunabwere. A Sibale anamwalira chimanga chisanabzalidwe. Ndinatumiza uthenga ku Nakonde, ndipo kumaliro sikunabwere aliyense wa kumeneko.

Patapita masabata Tumpale anaimba masana, nandipempha kuti ndipite pakhomo pa agogo ake. Ndinali ndisanapondepo chichokereni anthu a pamaliro. Abale anali atagawana mbuzi, njinga ndi wailesi. Chitseko anachimanga ndi waya, khitchini inali itayamba kugwa mbali imodzi, ndipo pabwalo pamene pankasesedwa tsiku ndi tsiku panali patamera chisoso chofika m'akakolo. Pakhonde panatsala mpando wawo wokha, poti unali wothyoka mwendo ndipo palibe anaufuna. Ndili pomwepo, Tumpale anaimbanso.

"Mwafika, aphunzitsi? Ikani foni pamene ankakhala, mukweze mawu. Inuyo mupite patali pang'ono, pepani. Uthengawu si wanu."

Ndinaiika pampandopo n'kupita kukaima pafupi ndi khola lopanda kanthu. Mawu amene anatuluka sanali a Tumpale. Anali a mayi wachikulire, olankhula Chinamwanga chimene ine sindimva, oyamba motsitsa ngati a munthu wogwada. Anali Nakamba, akulankhula yekha ndi apongozi ake, popanda wonyamula mawu. Analankhula nthawi yaitali. Pena mawuwo ankakwera, pena ankasweka. Sindikudziwa ngati ankakhululuka kapena ankawerenga zonse zimene anasunga zaka zimenezo, ndipo sindinafunse.

Kenaka analeka, koma foni sanadule. Pabwalo ponse panali zii, mphepo yokha ikugwedeza waya wa pachitseko. Mayiyo ankadikira kuti ayankhidwe, ndipo nanenso ndinapezeka ndikuyang'ana pampando paja, ndikudikira.